Chingelezi cha Bambo Anga

Vânia anandiuza nkhaniyi tili pamsika wa ku Ulongwe, pakati pa matumba a kachewere, akusankha matimati ngati palibe chimene wanena.

"Akuti Chingelezi changa ndi cha othawa nkhondo."

Ndinatsamiritsa njinga pamtengo. "Akutero ndani?"

"Ivo. Amangoseka, Arcanjo. Usayambe."

Ndinali nditayamba kale. Ivo ndi mwana wa ubatizo wa bambo ake a Vânia, a Polofesolo Cassimiro, amene anaphunzitsa zaka makumi atatu pa eskola ya mishoni ku Fonte Boa. N'chifukwa chake Ivo amawatcha padirinyu. Anakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, n'kubwerako pa Pasaka ndi galimoto yoyera yotsegula kumbuyo. Ife kuno timati karinya, a ku Malawi amati pikiapu, iye amati baki, ndipo amafuna kuti tonse tiziti baki. Chibwerereni sasowa pakhomo pa a Polofesolo. Lero wawanyamulira chimanga, mawa wawaperekeza kuchipatala, mkuja wangodutsa.

"Wakumva liti ukulankhula Chingelezi?"

"Ndinkayeserera pakhonde. Anangofika."

"Amangofika masiku onse."

"Akuti ndikamatchula madzi ndimati 'wota' ngati ndikuthyola nkhuni. Akuti amene adzandifunse ku Tete adzadziwira pa liwu loyamba kuti ndinaphunzira kwa munthu wa ku msasa." Anaika matimati m'jumbo osandiyang'ana. "Lachisanu la sabata yamawa si kutali."

Lachisanu limenelo ndi la ezame, tsiku la mayeso ake: anthu atatu adzakhala kuseri kwa tebulo ku Tete n'kumufunsa mafunso m'Chingelezi. Akawakhutiritsa apeza bolsa, malo okaphunzira unamwino kunja. Ndinali nditamuphunzitsa miyezi isanu, ndikudziwa bwino kuti ndikukonza njira yoti andichokere zaka zitatu. Sindinadandaulepo. Ndinkangofuna kuti akamapita, apite makolo atadziwana.

"Munthu wa ku msasa ameneyo ali ndi dzina," ndinatero. "Ndi a Domingos, bambo anga. Tinawaika chaka chatha, iwe unaimba nawo pamanda."

"Ndikudziwa."

"Ndiye unamuyankha chiyani?"

Mayi wogulitsa matimatiwo anatiyang'ana tonse awiri n'kuwonjezera thimati limodzi la basela, ngati munthu wopepesa maliro.

* * *

Bambo anga anathawira ku Dedza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nkhondo itafika ku Lifidzi. Anabwerera mu 1993 atanyamula mphasa, mpando umodzi ndi Chingelezi. Mphasa inatha, mpando unathyoka. Chingelezi anafa nacho.

Anachiphunzira pa sukulu ya ku msasa. Iwo ankati sukulu, osati eskola, mpaka tsiku lomaliza, ndipo anthu ankawaseka nazo. Anali mlimi wa chimanga ndi nyemba ngati aliyense, koma khutu lawo silinkataya kanthu. Ankasimba kuti kuchipatala cha msasa kunali sisitere wa ku Ireland ndi dokotala wa ku Ingalande, ndipo awiriwo ankasekana kalankhulidwe monga momwe ife timasekerana ndi a ku Dedza.

"Chingelezi chili ndi midzi yake, mwanawe," ankatero tikupalira. "Madzi omwewa, wa ku Dedza ati 'wota', wa ku Amereka ati 'woda', wa ku London ameza chilembo chapakati ngati njere ya pichesi. Ku Joni nyali za pamsewu amati loboti. Kanene zimenezo ku Ingalande, akakuperekeza kwa dokotala wa misala. Ndiye wolondola ndani? Wolondola ndi amene wapempha madzi n'kupatsidwa."

Chifukwa cha iwo ndinapita ku Tete kukaphunzira uphunzitsi wa Chingelezi. Ndili chaka chachiwiri anadwala chifuwa chachikulu, ndinabwerera kudzawadwazika. M'miyezi itatu yomaliza anandiuza kuti ndiziwajambula pa telefoni yanga. Anati ndi za ana amene ndidzawaphunzitse. Tinajambula maphunziro asanu ndi anayi. M'lomaliza amatsokomola pakati pa chiganizo, amadziseka, kenako amati m'Chinyanja, "Tseka chitseko, Arcanjo, nkhuku zikulowa."

Titawaika sindinabwerere ku Tete. Anthu amati ndinatsalira amayi. Zoona zake n'zakuti sindikanatha kuima kutsogolo kwa ana n'kutsegula pakamwa, chifukwa ndikalankhula Chingelezi amene amatuluka ndi iwo.

Maphunzirowo ndinamutumizira Vânia kuti aziphunzirirapo. Mvula ili pakati, telefoni yanga inagwera mumtsinje ndikuwoloka njinga ili paphewa. Kuyambira pamenepo bambo anga ankakhala mu telefoni ya Vânia mokha. Lamlungu lililonse ndinkapalasa kukachita Misa ku Fonte Boa, ndipo tikatuluka tinkakhala pa kakhoma ka kuseri kwa tchalitchi, kachingwe kamodzi kukhutu kwanga, kena kukhutu kwake. Iye ankabwereza mawu pambuyo pa bambo. Ine ndinkangomvera. Tikafika pa nkhuku paja ankandigwira dzanja.

Sindinamuuzepo za chikondi ndi mawu okongola. Ndinamupatsa bambo anga kuti awasunge. Ndinkayesa wamva.

* * *

Dzuwa lisanalowe tsiku la pamsika lija, katelefoni kanga ka mabatani kanalira. Unali uthenga wa Vânia.

"Wakwiyabe?"

"Ayi."

"Ukalemba ayi wopanda mnzake ndiye kuti wakwiya."

"Ivo ali pakhomo?"

"Wabweretsa simenti ya apapa. Ndimuthamangitse?"

"Muuze akaime pa loboti."

"Usandiseketse, amama akundiyang'ana."

Ndinayesa zatha, koma unabweranso wina wautali. "Dzulo apapa amafunsa amama ngati kwanu kuli anthu. Akuti mnyamata wobwera ku Misa kuno chaka chathunthu osatumiza munthu, akufuna Mulungu kapena akufuna kusewera?"

Ndinawerenga katatu. Sindinatumize munthu chifukwa amayi anati nkhani ya ukwati siyamba chaka cha maliro chisanathe. Misa ya chaka tinali titachita masabata awiri apitawo. Chaka chonsecho ine ndinkasunga mwambo, mnzanga akunyamula simenti.

"Loweruka kubwera amalume," ndinalemba.

"Loweruka lomwe lino? Ezame isanachitike?"

"Ukufuna adzabwere Ivo atatumiza kale ake?"

Panapita nthawi. Ndinamwetsa mbuzi, ndinabwerako, ndinayang'ana, palibe. Kenako unalowa.

"Abwere. Koma iwe usadzalowe m'nyumba, wamva? Udzakhale kutali ngati mkamwini weniweni. Apapa amayang'ana zimenezo kuposa china chilichonse. Lonjeza."

"Ndalonjeza."

* * *

Amalume a Estêvão, alongo awo a amayi, sanabwerere nkhondo itatha. Anakwatira ku Dedza, anagwira ntchito ya umesenjala kuboma mpaka kupuma, ndipo kumeneko amadziwika kuti a Sitivini. Anawoloka malire Lachisanu, suti yakuda ili m'pepala la pulasitiki, nsapato za ulemu zili m'manja.

Loweruka m'mawa tinanyamuka pa njinga ziwiri, iwo atamanga miyendo ya buluku ndi luzi kuti isadyedwe ndi tcheni. Pokwera chitunda tinatsika n'kumakankha.

"Amalume, chinthu chimodzi chokha. Mukalankhule Chinyanja."

"Akuti apongozi akowo ndi aphunzitsi?"

"Anali. Anapuma."

"Ndiye amve kuti kwathunso kuli sukulu. Anthu a ku mishoni ndimawadziwa ine. Akationa amaona aja oima pamzere kulandira nandolo ndi ufa wachikasu. Zaka makumi atatu zapita koma maso awo ndi omwewo. Lero amve."

"Chingelezi sadziwa, amalume. Iwo n'Chipwitikizi."

"Vuto lawo."

"Vuto langa."

Anaseka mpaka kuima. "Mphwanga, ndafunsirako anyamata asanu ndi mmodzi, palibe amene anabwezedwa. Mmodzi anali ndi diso limodzi. Iwe ukakhale pansi pa mtengo uziwerenga masamba."

* * *

Mwambo umati nkhani yotere ipite kwa atsibweni a mtsikana, koma a Polofesolo anali atanena kale kuti pakhomo pawo palibe nkhani yowadutsa. Amalume anaodira, analandiridwa, analowa mu sala, chipinda chochezera alendo. Ine ndinatsala kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mapichesi. Masamba oti ndiwerenge panalibe, onse anali atayoyoka ndi chisanu. Mphepo inandikankhira kufupi ndi mpanda, ndipo zenera la sala linali lotsegula. Baki yoyera inali pabwalo.

Malonje anayenda bwino. Anakamba za njira, za chisanu, za nyemba zimene zapsa ndi dzuwa. Anasekako kamodzi. Kenako ndinamva amalume akukonza kukhosi.

Anayamba m'Chingelezi. Chinali Chingelezi cha kuboma, cha makalata, liwu lililonse litavala tayi. Anati abwera modzichepetsa m'malo mwa banja la malemu a Domingos a ku Lifidzi, kudzapempha mwana wa nyumba ino. Anatchula mbiri yathu kuyambira kwa agogo. Analankhula nthawi yaitali, osapuma, osakhumudwa pa liwu ndi limodzi lomwe.



Kenako a Polofesolo anayankha m'Chipwitikizi, chija cha ansembe akale, chokhotakhota ngati njira ya m'phiri. Anati ndi ulemu waukulu kulandira mlendo wochokera kunja kwa dziko, ndipo akupepesa kuti nyumba yawo yosauka ilibe chilankhulo cha mlendoyo.

Amalume sanamve kanthu, koma anamva kuti ayankhidwa m'chizungu china. Anabwereza zawo, mokweza pang'ono. A Polofesolo anabwereza zawo, mochedwa pang'ono. Amuna awiri obadwira mtunda woyenda tsiku limodzi, oyamwa Chinyanja chimodzi, amene posachedwa pomwepa amagwirizana za nyemba. Palibe amene anafuna kutsika woyamba.

"Ivo!" anaitana a Polofesolo. "Tabwera udzatithandize, mwana wanga. Mlendo wathu ndi Mngelezi."

Choncho munthu wofuna mkazi yemweyo ndiye anakhala pakati kumasulira kufunsira kwanga.

Ndisamunamizire, mawu sanapotoze. Zonse ankamasulira molondola. Koma asanamasulire ankayamba wabwereza chiganizo cha amalume mmene achinenera, akuchikoka ngati ulimbo.

"Pepani madala, mwati chiyani? 'Fesiti boni'? Aa, mwana woyamba! Khutu langa linazolowera cha ku Joni, mundikhululukire. Mawu anuwa ali ndi michira, ndiye ndimayamba ndadula kaye."

Anatero kachiwiri, anatero kachitatu. Amalume anapsa mtima. Anati, m'Chingelezi chomwecho, kuti kalankhulidwe kameneka ndi ka malemu mlamu wawo, amene anaphunzitsa mwana wake mpaka kukoleji, ndipo ndi komwe mwana wa nyumba ino akupita nako ku Tete.

Ivo anamasulira zonse. Kenako anatembenukira ku Chinyanja.

"N'zoona zimenezo, padirinyu. Ndipo aphunzitsi akewo ali m'nyumba muno. Mukufuna mumve chimene mwana wanu akupita nacho ku Tete? Telefoni yake ili apo, ikuchajidwa."

Ndinamva mpando ukukhululuka. Sindinamve akufunsa aliyense nambala yotsegulira.

Kenako bambo anga anayamba kulankhula.

Linali phunziro lachitatu, la madzi, la chitsime ndi mvula. Mawu awo anatuluka pazenera n'kundipeza pansi pa mtengo, ofewa, osathamanga, monga ankalankhulira ndi ana. Ivo anaimitsa. "Wota! Mwamva? Wota!" Anabweza m'mbuyo, anawanenetsanso. Anabwezanso. Bambo anga ananena liwu limodzi kanayi ngati munthu wolangidwa. A Polofesolo sanaseke, koma sanaletse.

"Dikirani, pali lina labwino."

Ndinalidziwa pa kupuma koyamba. Linali lomaliza. Bambo anayamba chiganizo, chifuwa chinawagwira, anatsokomola nthawi yaitali.

"Apa ndiye sukulu yaweruka," anatero Ivo.

"Tseka chitseko, Arcanjo," anatero bambo anga, "nkhuku zikulowa."

Sindikukumbuka mmene ndinadumphira mpanda. Ndikukumbuka a Judite, amayi ake a Vânia, ali pakhomo la sala ndi makapu a tiyi m'manja. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sadutsana pakhomo limodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ine ndinawagunda phewa. Makapu anagwa. Iwo anatembenukira kukhoma n'kuphimba nkhope ndi kapulana, chitenje chawo.

Ndinalanda telefoni m'manja mwa Ivo. Bambo anali akudzisekabe. Ndinkangofuna kuti asaseke pamaso pa anthu amenewa, ndinkafuna kuwatulutsa m'chipinda chija. Poimitsira sindinapapeze. Ndinaimenyetsa pa simenti, ndinaipondanso ndi chidendene.

Bambo anakhala chete.

Ndinazindikira chimene ndachita ndikuyang'ana zidutswa zili pakati pa tiyi wotayika.

Pamenepo Chinyanja chinapezeka. "A Estêvão," anatero a Polofesolo, "munthu wanu ndi ameneyu?"

Amalume nawonso chinawabwerera. Anatsika pampando ndi suti yawo, anakhala pansi, akuomba m'manja pang'onopang'ono. "Bambo, talakwa. Ndi mwana wamasiye uyu, mtima ukadali kumanda. Ndipo ine ndi amene ndayatsa moto, ndi matama anga."

"Zamasiye ndamva. Ndipo iwe Ivo, wachita zachibwana. Malemu saseweretsa, kaya analankhula chotani." Ivo anayang'ana pansi, khutu likutentha. A Polofesolo anavula magalasi. "Koma uyu walowa m'nyumba mwanga osaodira. Wagunda mayi amene akufuna kuti akhale apongozi ake. Waswa chinthu cha mwana wanga ine ndikuona. Sindinavomere, sindinakane. Loweruka likudzali, mwana atabwerako ku Tete, mudzabwere ndi nkhuku ya amayi awa, mudzapepese, tidzayambirenso. M'Chinyanja. Loweruka limenelo likadutsa, musadzavutikenso kuwoloka malire."

* * *

Vânia anatipeza kumunsi kwa manda a mishoni, akuthamanga, mpango uli m'manja. Amalume anakankha njinga yawo n'kukaima patali, akuyang'ana munda wa eni ake ngati akufuna kuugula.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi! Chimodzi chokha, Arcanjo!"

"Nambala yotsegulira telefoni yako Ivo anaidziwa bwanji?"

"Wagunda amama! Akulira kukhitchini, akuti chikhalireni sanachititsidwepo manyazi otere!"

"Anaidziwa bwanji?"

Anasiya kukuwa. Anayang'ana kumanda, anayang'ana mapazi ake.

"Ndinamupatsa ndine."

"Pitiriza."

"Ndinkafuna amve, andiuze zoti ndikonze. Wandiphunzitsa masabata atatu, Lachiwiri ndi Lachinayi."

"Lamlungu uli ndi ine pa kakhoma, Lachiwiri akukuchapa m'kamwa."

"Ndikuopa! Wamva? Ndikuopa! Malo ndi anayi, anthu ndi mazana. Kudzakhala atsikana a ku Beira olankhula ngati mu filimu. Ine ndidzati 'wota', wina adzamwetulira n'kulemba kanthu papepala, basi, ndibwerere kudzapuntha nyemba. Bambo ako ankati wolondola ndi amene wapempha madzi n'kupatsidwa. Nanga akapanda kundipatsa?"

"Ndiye wothira mafuta m'magalimoto ku Joni ndiye ali ndi Chingelezi chenicheni? Iye akapita ku London sakamuseka? Ukawauze anthu atatu aja kuti 'shapu shapu', tione!"

"Ndikudziwa! Ndinazindikira ndekha. Ndinamufunsa mayina a ziwalo za m'thupi, sanadziwe ndi limodzi lomwe, pamene bambo ako anatchula onse. Lachinayi ndinamuuza kuti ndasiya. Ukuganiza zalerozi wachitira chiyani?"

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikuuze iwe? Munthu akangokhudza Chingelezi cha bambo ako umachita ngati wakumba manda! Ndi iwe sindikanatha kufunsa ngati pali chokonza, ndikanangoimba nawo ngati nyimbo ya maliro. Iwe unathawa eskola, Arcanjo. Ine sindikufuna kuthawa."

Anagwira pakamwa atanena kale. Ndinafuna kumubwezera liwu lopweteka chimodzimodzi, ndinalifunafuna, koma lake linali loona ndipo anga onse anali a mkwiyo chabe.

Anatsegula mpango. Anali atatola zidutswa zonse, ndi zing'onozing'ono zomwe.

"Munalibe kakhadi kosungira. Zonse zinali m'kati."

"Ndikudziwa. Ndawaika kachiwiri, ndi manja anga."

Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira, pa udzu wouma, ndipo ndinalira mmene sindinalirire pamaliro, chifukwa pamaliro ndinali mwana woyamba woyenera kulonjera anthu. Vânia anagwada, anandigwira mutu, akupumabe mwaukali. Kapulana wake ankanunkhira utsi ndi sopo. Ndinkamuda ndipo sindinkafuna kuti achotse manja.

"Sanathe," ananong'ona.

"Wati chiyani?"

"Tsiku loyamba lija Ivo anati kumvera pa telefoni yanga sikukwanira, akufuna akamvetsere bwino kwawo." Anayang'ana zidutswa zija. "Ndinamutumizira. Onse asanu ndi anayi."

Ndinachotsa manja ake pamutu panga, limodzi, kenako linalo. Ndinadzutsa njinga. Anandiitana kawiri, kachitatu anatchula dzina la bambo anga, koma sindinacheuke.

* * *

Lolemba masana baki yoyera inaima pamsewu, moyang'anizana ndi nyumba yathu ku Lifidzi. Ivo sanatsike. Anatsitsa galasi n'kundikodola ndi chala chimodzi. Sindikanapita, koma m'galimotomo munkalankhula bambo anga.

"Madala awa ndayamba kuwakonda," anatero, akuchepetsa mawu. "Ndimayenda nawo. Dzulo andiphunzitsa masiku a sabata."

"Nditumizire."

"Pa kamabatani kako?"

"Ndibwereka ina. Ivo, ndakupempha."

"Wapempha? Loweruka sunapemphe." Anazimitsa injini. "Padirinyu andinyoza pamaso pa mlendo chifukwa cha iwe. Ine ndinakulira m'nyumba imene ija. Vânia ndinkamukweza pa njinga kupita ku katekisimu iwe usanadziwe kuti Fonte Boa ili kuti. Ndinapita ku Joni kukagona m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu kuti ndidzabwere ndi kanthu m'manja. Ukudziwa zimene ankandichita kumeneko? Ndikatsegula pakamwa m'takisi, anthu onse ankadziwa kuti ndine wobwera. Tsiku lina anandimenyera zomwezo. Lilime ili ndinalisintha ndi magazi, m'bale wanga. Ndibwere kuno ndipeze wothawa eskola atakhala pa kakhoma ndi Chingelezi cha pamzere wa nandolo?"

"Ukufuna chiyani?"

"Kanthu kakang'ono. Loweruka amalume ako asapite ku Fonte Boa. Adwale mwendo, aiwale tsiku, zili kwa iwe. Lamlungu ndidzakupatsa madala ako onse, ndi telefoni yomwe. Akapita..."

Anakweza telefoni kuti ndione. Maphunziro anali pamzere, monga ndinawatumizira. Chala chake chinayenda n'kuima.

"Phunziro lachinayi ndi la chiyani? Aa, ziwalo za m'thupi. Limeneli silinandikomere."

Anadina. Telefoni inafunsa ngati akutsimikiza. Ndinaponya dzanja pazenera, koma galasi linali litakwera kale theka. Anandionetsa bwinobwino, n'kudinanso.

Phunziro lachinayi ndi lija bambo amati "apa pamatchedwa chiyani?" n'kundigogoda pachipumi, ndipo kugogodako kumamveka.

"Atsala asanu ndi atatu," anatero. "Lachisanu ndine ndikumutengera Vânia ku Tete, padirinyu akuti chapa, minibasi ija, siyodalirika pa tsiku lotere. Tidzapita tikumvera. Shapu."

Baki inanyamuka, fumbi linandiphimba. Ndinaima pamenepo mpaka linakhazikika, ndipo m'thumba katelefoni kanga kanalira. Unali uthenga wochokera pa nambala ya amayi ake a Vânia.

"Ndi ine. Amama andibwereka, ndiye kuti mtima wawo watsikako. Ezame ndikalankhula monga anandiphunzitsira bambo ako, andipatse madzi kapena ayi. Loweruka amalume abwere, Arcanjo. Usandithawe inenso."

Ndinabwerera pabwalo. Amalume, amene anatsala kwathu kudikira tsikulo, anali ataima pafupi ndi khola, suti itavulidwa, nkhuku ziwiri zili m'manja atazigwira miyendo. Amayi anali pambali pawo akupukuta manja.

"Mphwanga, tatithandiza, takangana ndi amayi ako," anatero. "Ya apongozi ako Loweruka, titenge tambala wofiirayu kapena thadzi loyerali?"

Onse awiri ankandiyang'ana, akudikira. Kumbuyo kwawo chitseko cha nyumba chinali chotsegula, ndipo nkhuku ina inali kulowa.